Mwala Wakuda wa a Negi

Anandiitanira pabalaza Lachitatu madzulo, manja anga akadali ndi thovu la sopo. Arthur, mwana wa mlongo wanga, anali chiimire, tayi ili pakhosi. Mkazi wake Flossie anakhala kunsonga kwa mpando ngati mlendo wodzapala moto. Pakhomo panaima Mahendra, mwana wa a Negi a kuseri kwa mpanda wathu, atapinda manja pachifuwa.

"Azakhali, khalani pansi," anatero Arthur.

"Kwafa ndani?"

"Palibe. Koma kwa a Negi kwasowa mwala uja wa m'kachisi, ndipo mlonda wa pageti akuti dzulo munatuluka kumeneko mutafumbata kanthu m'chitenje."

"Ndinafumbatadi."

Flossie anagwira pakamwa.

"Maswiti a mkaka, aja amakhala m'mbale ya mkuwa. A Negi dokotala anawaletsa shuga, ndiye ine ndimawathandiza. Ena ndadya, ena ali pansi pa pilo. Mukatenge."

Palibe anaseka. Mahendra analankhula Chizungu chachitali, maso ali pakhoma, kenako anatuluka osatsanzika. Arthur anavula magalasi.

"Akuti Lachisanu likatha mwala usanabwerere, apita kupolisi. Azakhali, chitupa chanu chokhalira kuno chinatha kalekale. Apolisi akafika pano, ntchito yanga yatha. Ndamupempha, ndipo wavomera chimodzi: mwala ukapanda kupezeka, Loweruka mukwere basi ya ku Tanzania, mubwerere kumudzi, iye nkhani aisiya."

"Kumudzi kwa yani?"

Arthur anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti ku Ulongwe nyumba analanda abale a malemu amuna anga, ndipo mwana sindinabereke. Kumene ankanditumizako kunali dzina langa lokha, Tupochile, mwinanso analiiwala.

* * *

Kuti mumvetse, ndiyambire pa mphaka. Ndinafika ku South B, mumzinda wa Nairobi, mu 1995 kudzalera ana a Arthur. Anawo anayamba sukulu, n'kubwerako ndi Chizungu chokhachokha. M'mawa onse ankachoka, geti n'kutsekedwa, ine n'kutsala ndi firiji. Ndinkaiuza nkhani zambiri firijiyo, koma yankho lake linali limodzi lomwelo.

Tsiku lina ndinapeza mphaka akudya matemba amene ndinayanika kuseri. Ndinamutukwana mpaka agogo ake. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu:

"Mayi, mphakayo ndi wanga. Agogo akewo asiyeni, anali anthu abwino."

Ndinakwera pandowa n'kusuzumira. Mmwenye wokalamba, wamfupi, pensulo kukhutu. Anali a Negi. Anakhala ku Limbe zaka makumi awiri ndi zitatu akupala matabwa a ngolo za sitima, kenako anasamukira ku Nairobi Mahendra akuyamwa. Akazi awo atamwalira, Chinyanja chawo chinasowa wochilankhula nacho, monga changa. Kuyambira tsiku limenelo, teni koloko iliyonse ndinali pakhonde pawo.

Kuseri kwa nyumba anamanga kachisi wamng'ono, wokwana anthu awiri ogwada, wofanana ndi wa kwawo.

"Kwathu ndi kumwamba, mayi," ankatero. "Mulanje ndi chulu. Basi imathera m'munsi, kenako masiku awiri wapansi, mpaka kumene mitengo imanunkhira ngati mkungudza. Kumeneko nthaka imagwedezeka, ndiye makolo sanamange ndi matope kapena misomali. Mzere wa mtengo, mzere wa miyala, mzere wa mtengo. Pangodya mitengo imalumana, chikhomo n'kuitseka. Chivomezi chikabwera kachisi amavina, akatha kuvina amakhala pansi."

Denga linali la miyala yopyapyala, losanjikiza katatu, m'mphepete muli timitengo tosema tolendewera timene tinkagundana mphepo ikawomba. Khomo linali lalifupi kuti ngakhale wonyada alowe chowerama. Mkatimo, pakampando, ndi pamene pankakhala mwalawo: wakuda, kukula kwake ngati njerwa, wosemedwapo mkazi wa manja asanu ndi atatu atakwera mkango. Unachokera ku kachisi wakale wa miyala yokhayokha, amene phiri linamukwirira agogo awo ali anyamata.

Ine ndine Mkatolika, ndipo ndinawauza kuti sindingamugwadire mayiyo. Koma manja akewo ndinkawasirira ndikaganiza za zochapa za Flossie.

Lachiwiri lija, ine nditachoka ndi maswiti anga, a Negi anagwa. Anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa panatsekeka. Munthu yekhayo amene akananena kuti Tupochile si wakuba anali gone kuchipatala, akuyang'ana kudenga.

* * *

Lachinayi m'mawa, nyumba itangokhala zii, ndinapita kugeti lalikulu la msewu wathu. Chiswahili changa ndi cha kumsika, koma chimafika. Mose, mlonda wake, amene ankanditchula Shosho, ndiko kuti agogo, ataona ine anakoka chipewa.

"Shosho, musandikwiyire. Ine ndinangonena zimene maso anaona. Maso awa anagwirapo ntchito m'boma."

"Ntchito yanji, yowodzera? Tandiuza, Lachiwiri kwa a Negi kunalowa ndani?"

"Inu, teni koloko. Munatuluka leveni isanakwane, mukuyenda ngati nkhuku yaba dzira. Kenako ambulansi, wani koloko. Basi."

"Nanga Mahendra?"

"Anathamangira kuchipatala kuchokera kuntchito. Kuno wafika dzulo masana, ndi mzungu wake uja."

"Mzungu uti?"

Mose anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu, ngakhale mumsewu munali galu yekha.

"Bwana Griffin, wa sitolo ya zinthu zakalekale m'tauni. Amagula zosema, amatumiza kunja. Anabweranso Lolemba, ndi kamera. Mdala Negi anakuwa mpaka ndinamva ndili pano. Mzungu anatuluka atagwira pachipumi, chotupa ngati dzira la bakha."

"Ndiye mzunguyo sakanabwerera Lachiwiri, n'kukwera mpanda?"

"Mpanda wa magalasi pamwamba? Ndi mimba imene ija? Shosho, dzulo anatuluka wofiira ngati tsabola, akunena kuti amutayitsa nthawi. Munthu amene katundu ali naye kale sakwiya choncho."

Pamenepo Mose analankhula zanzeru, ndipo ndinamuuza kuti azipumako, zisamuzolowere.

"A Negi eni ake sanatuluke?"

"Kuyambira Pasaka sanaponde pageti pano."

* * *

Lenah, wantchito wa a Negi, ananditsegulira chitseko chakukhitchini mwamantha.

"Mama Tupo, akandipeza nanu ndachotsedwa! Lowani msanga. Ine ndinawauza, mafano amenewa tsiku lina adzabweretsa tsoka, koma ndani amamvera Lenah? Abusa athu ananena kale."

"Sunautenge iwe kukawapatsa abusawo aswe?"

"Ine? Yesu wanga! Zaka zisanu ndi chimodzi sindinapondepo kumeneko. Kusesa ndimalekeza pa mtengo wa mandimu. Ngakhale kuyang'anako sindiyang'anako."

Zimenezo zinali zoona. Ndinamuonapo akuyanika zovala atafulatira kachisiyo, ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

"Lolemba kunachitika chiyani?"

"Mahendra anabwera ndi mzungu. Analowa ndi nsapato, onse awiri! Mzungu anagunda mutu pakhomo, anajambula, anayeza ndi tepi. Mahendra akuti bambo ake akalamba, akakhale naye ku fulati, kulibe malo a zimenezi, mwalawo ugulitsidwe. Mdala analira, mama. Sanadye tsiku lonse."

A Negi sanandiuze zimenezo. Lachiwiri lija anangokhala chete, tiyi n'kuzizira, ine n'kumaganiza kuti nthabwala zanga zasukuluka.

"Nanga Lachiwiri, nditachoka ine, anatani?"

"Anandituma nyundo yawo yamtengo. Ndinaisiya pa mandimu paja. Kenako ndinamva go, go, go, kwa nthawi ndithu. Kenako zii. Chakudya chitapsa ndinaitana, osayankha. Ndinawapeza atagwa pa udzu, nyundo ili m'manja, mapazi opanda kanthu. Masilipasi awo anali pakhomo la kachisi, atawaika bwinobwino."

"Mahendra unamuuza za nyundoyo?"

"Sanafunse. Anangolowa m'kachisi, n'kutuluka akukuwa kuti wakubayo ndi wamwano, watenga mwala n'kusiyapo mtedza pomunyoza."

Ndinamugwira mkono Lenah.

"Mtedza wotani?"

* * *

Ndinavula nsapato, ndinawerama, ndinalowa. Mkatimo munkanunkhira lubani wakale. Pakampando panali kamtedza kolimba kaja amwenye amatafuna, amati sopari. Kanali kokulungidwa ndi ulusi wofiira, katakhala pa timbewu ta mpunga.

Ndinakadziwa. Mwezi uliwonse a Negi ankatulutsa mwalawo kukausambitsa ndi mkaka, ndipo asanaunyamule ankaika kamtedza kotere pampandopo. Ndinawafunsapo ngati mayiyo amasiya kamba wa pa ulendo. Anandiyankha kuti kwawo mpando wa mulungu sukhala wopanda mwini ngakhale kanthawi kochepa. Mwini akachoka, mtedza umamugwirira malo mpaka abwere.

Wakuba amafulumira. Samanga ulusi, sathira mpunga. Mzungu uja mwambowu sakanaudziwa. Lenah angalolere kugwira njoka. Mahendra anauona mtedzawo n'kuuyesa chipongwe. M'nyumba monsemo munali munthu mmodzi yekha amene sakanatha kunyamula mwalawo osasiya wougwirira malo, ndipo munthuyo kuyambira Pasaka sanatuluke pageti.

Ndiye kuti mwala sunapite kutali.

Ndinatuluka n'kuyamba kuzungulira kachisiyo, dzanja likusisita khoma. Kumbuyo, patsinde pa nthochi, panali kamulu ka timiyala, toyera, topanda fumbi kapena ndere. Ndinakumbukira tsiku limene ndinawaseka kuti khoma lawo lanenepa ngati la ndende.

"Lili ndi mimba, mayi," anatero. "Nkhope ya kunja, nkhope ya mkati, pakati timathiramo timiyala."

Munthu akatulutsa timiyala m'mimba mwa khoma, ndiye kuti akufuna kuikamo china.

Ndinayang'ana zikhomo za pangodya chimodzichimodzi. Zonse zinali zakuda ndi mvula ya zaka zambiri. Chimodzi chokha, cha m'munsi, chinali ndi mutu wophwanyika kumene, mtengo woyera ukuonekera. Nyundo inali ikadali pa udzu. Ndinachimenya chammbali, go, go, chinagwedera. Ndinachizula. Kamtengo kafupi kanasololoka mosavuta ngati kabati ya tebulo. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono, ndipo zala zanga zinakhudza nsalu, ndi chinthu chozizira m'kati mwake. Ndinapapasa. Dzanja, dzanja, dzanja lina.

"Moni, mayi," ndinanong'ona. "Mwandivutitsatu."

Pageti panalira hutala ya galimoto.

* * *

Sindidziwa mmene mafupa anga anachitira. Kamtengo kanabwerera, chikhomo ndinachikankha ndi chidendene, pamutu pake ndinapakapo dothi. Timiyala ndinatimwaza m'nthochi. Pamene Mahendra ankatsegula chitseko chakumaso, ine ndinali nditatulukira kakhomo ka zinyalala, nsapato zili m'manja. Lenah sanaone kanthu. Anali atafulatira, monga mwa masiku onse.

Ndinafika kunyumba ndikusekerera ndekha. Ndinaganiza mmene ndidzawatengere onse madzulo, Arthur, Flossie, Mahendra, ndi Mose yemwe, n'kuzula chikhomo pamaso pawo ngati wamatsenga wa pamsika. Ndinafuna kuona nkhope ya Flossie. Ndinathira tiyi, ndinakhala pansi.

Tiyiyo sindinamumwe.

Ndikazula chikhomo madzulo, mawa mzungu abwera ndi bokosi. A Negi anathera mphamvu zawo zomaliza pa nyundo ija kuti zimenezo zisachitike. Anandiuzapo kuti mwalawo si wawo, anangoubwereka kuti uwaperekeze ku ulendo, ndipo mdzukulu wa mlongo wawo, mmisiri wa kumapiri komweko, adzabwera chaka chisanathe kudzautenga, chifukwa kwawo akumanganso kachisi uja anakwiririka. Mmisiri wa kwawo, ankatero, khoma amaliwerenga ngati kalata. Ameneyo sadzafuna womulozera. Mahendra angazungulire kachisiyo mpaka imvi, sadzaona kanthu.

Chimene mwalawo unkafuna ndi miyezi yochepa ya chete. Chimene ine ndinkafuna ndi bedi langa la kuchipinda cha kumbuyo. Ziwirizi sizikanatheka pamodzi.

Madzulo Arthur anagogoda pachitseko changa.

"Azakhali, palibe chimene mwakumbukira? Chilichonse?"

Anali ndi nkhope ya bambo ake, tsiku limene ankandiperekeza ku ukwati. Ndinatsegula pakamwa.

"Ndakumbukira kuti sutikesi yanga ilibe zipi," ndinatero. "Undipezere chingwe."

* * *

Lachisanu ndinakwera minibasi, imene ku Nairobi amati matatu, ndekha kupita kuchipatala. Ndinasochera kawiri, kondakitala ananditsitsa patali, ndinafika thukuta lili kamukamu. A Negi anali pabedi la pawindo, ochepa ngati mwana, pakamwa patakhotera kumodzi. Kukhutu kunalibe pensulo. Mahendra anali pampando, ndipo ataona ine anaimirira.

"Ndadzatsanzika," ndinamuuza m'Chiswahili. Anayang'ana bambo ake, n'kusuntha pang'ono.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwadzuka bwanji, a Negi? Musavutike kuyankha, lero ndilankhula ndekha, mwayi umene ndakhala ndikuufuna zaka zitatu."

Diso lawo limodzi linanyezimira.

"Mayi uja ndamupeza. Ali bwino, akupereka moni. Koma ntchito yanu yatsika, bambo. Chikhomo munachisiya choyera ngati dzino la mwana. Ndapakapo dothi. Timiyala tanu ndamwaza. Mukanakhala wakuba weniweni mukanafa ndi njala."

Mpweya unatuluka m'mphuno mwawo kawiri. Kumeneko kunali kuseka.

"Ine mawa ndikupita kwathu. Mwana wanuyu akuti ndinaba ndine."

Ndikanadziwa sindikanawauza. Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Kusekako kunazima. Anayang'ana Mahendra, anayang'ana ine, n'kuyamba kulimbana ndi lilime lawo. Mawu ankatuluka ngati chitseko cha dzimbiri. Dzanja lawo lamanzere, limene linatsala lamoyo, linanyamuka, linaloza pakamwa panga, kenako linaloza mwana wawo. Linabwerezanso. Pakamwa panga, mwana wawo.

"Mukuti ndiulule?"

Anatsinzina mwamphamvu, n'kutsegula.

"Akufuna chiyani?" anafunsa Mahendra. "Mama, mukuwauza chiyani? Ndikufunsani komaliza, pamaso pa bambo anga. Mwala uli kuti? Mukanena, zonse zatha, simupita kulikonse."

Mwini katundu anali atandimasula. Mawu anayi okha, ndipo Lolemba ndikanadzuka pabedi langa. Ndinayang'ana dzanja lija, likadali m'mwamba. Linali dzanja lomwe linamenya chikhomo mpaka mwini wake kugwa.

Ndinaligwira, ndinalitsitsira pabulangete, ndinalipanikiza pamenepo.

"Sindikudziwa," ndinamuuza Mahendra. "Akufuna madzi."

Mahendra anatenga jagi n'kutuluka.

"Musandiyang'ane choncho," ndinawauza a Negi. "Ku Ulongwe kulinso anthu ofunika kuwasowetsa mtendere. Ndawapumitsa mokwanira." Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo, ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje. "Inu ntchito yanu ndi imodzi: musafe mlendo wanu asanafike. Mwamva?"

Ndinamva Mahendra akubwerera. Ndinaimirira, ndinamanga chitenje, ndinafika pachitseko.

"Tsalani bwino, a Negi."

Ndinadikira, mwachizolowezi. Milomo yawo inagwedera, koma sipanatuluke kanthu. Ndiye ndinakhwinyata mphuno, ndinatsitsa mawu, n'kudziyankha ndekha m'Chinyanja chawo cha ku Limbe:

"Pitani bwino, mayi."